Bambo Woyembekezera Pakati pa Mpira ndi Sikelo

Pa Chichewa mawu akuti "woyembekezera" timatchulira mayi yekha. Tikamva kuti pakhomo pakutipakuti pali woyembekezera, palibe amene amaganiza za bambo wa pakhomopo. Chonsecho nayenso amakhala akudikira, ndipo miyezi 9 imeneyo amaidutsa mwa njira yakeyake: masana kuntchito, kugeni kapena kumunda, madzulo pa wailesi ya kanema, Loweruka ndi Lamulungu kumpira. M'nkhani ino tikufuna tifotokoze zimene zimachitika m'banja pa nyengo imeneyi, poyang'ana makamaka bambo wachinyamata wokonda mpira amene akudikira mwana wake woyamba. Akatekisiti ndi alangizi a mabanja amamudziwa bwino munthu ameneyu. Ndi yemwe uja adadalitsa ukwati wake chaka chatha, amene amakhala kumbuyo pa Misa yachiwiri, ndipo nthawi ya zolengeza ikatalika amayamba kusuzumira pa foni.

Tinene poyambirira kuti sitikulemba pofuna kuimba mlandu mpira. Ambiri mwa ife timaukonda, ndipo ena mwa ansembe athu sagona tulo timu yawo ikagonja.

Makalendala awiri

Ligi ya ku England, imene anthu ambiri kuno amaitsata koposa ligi ina iliyonse yakunja, ili ndi matimu 20. Timu iliyonse imasewera masewero 38, kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Meyi. Nayenso mwana amakhala m'mimba mwa mayi wake pafupifupi masabata 38 kuchokera pamene mayiyo waima, ngakhale kuti achipatala amawerenga masabata 40 chifukwa amayambira pa tsiku loyamba la msambo womaliza. Choncho mayi amene waima ligi ikutsegulidwa amachira ligi ikutsekedwa.

Kufanana kumeneku kumatithandiza kuona chinthu chimodzi. Bambo wokonda mpira ndi munthu wodziwa kutsata zinthu. Amadziwa tsiku limene timu yake isewere, idzakumana ndi yani, ndani wavulala ndipo akhala kunja masabata angati, timuyo ili ndi mapointi angati ndipo ikusowa angati kuti itenge chikho. Wa Maule angakuuzeni zigoli za masewero a Bullets ndi Wanderers a zaka khumi zapitazo, wa Manoma n'kumutsutsa pa chigoli chimodzi chimene akuti woimbira adakondera. Koma mukamufunsa bambo yemweyo kuti mayi akunyumba ali pa sabata ya chingati, kapena kuti apitanso liti kusikelo, amayang'ana pansi n'kuseka mwamanyazi.

Sikuti ndi woipa mtima. Adaphunzitsidwa choncho. Pa mwambo wathu nkhani ya pakati ndi ya azimayi. Mtsikana akakhala ndi pathupi poyamba, anamkungwi ndi amayi achikulire ndiwo amamulangiza, ndipo mwamuna amangouzidwa zoti apewe. Kumene kuli chikamwini, mkamwini amakhala pakati pa abale a mkazi wake, ndipo kufunsa za mimba apongozi ali pompo kumaoneka ngati kupanda mwambo. Dongosolo limenelo linkayenda chifukwa mayi woyembekezera ankazunguliridwa ndi amayi ake, azakhali ndi agogo. Lero banja lachinyamata limachita lendi chipinda ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi, makolo ali kutali, ndipo munthu yekhayo amene amagona m'nyumba imodzi ndi woyembekezerayo ndi mwamuna wake. Ntchito imene kale ankagawana azimayi asanu yatsalira iyeyo, popanda womuuza kuti yamutsalira.

Mmene kanema adasamutsira bambo pakhomo

Makolo athu ankamvera mpira pa wailesi ya MBC. Wailesi inali ndi ubwino umodzi umene sitinkauona pa nthawiyo: bambo ankamvera ali pakhonde, akusema mpini kapena kusoka mphasa, mayi ali chapomwepo. Television Malawi idayamba kuulutsa mu 1999. M'zaka zotsatira madishi adafala m'matauni, ndipo m'misika ya kumidzi mudabuka timanyumba toonetsa kanema toyendera jenereta kapena sola, kumene munthu amalipira pakhomo n'kukhala pa benchi. Popeza mabanja ambiri sangathe kulipira dishi mwezi ndi mwezi, mpira wa pa kanema umaonedwa kunja kwa nyumba: kumalo oonetsera kanemawo, kumalo omwera mowa kapena kwa mnzako wopezako bwino.

Nthawi yake nayonso siikomera banja. Masewero a Loweruka a ku England ambiri amayamba cha m'ma 4 kapena 5 koloko madzulo pa nthawi ya kuno, ina n'kutsatira usiku. Masewero akuluakulu a Champions League, a Lachiwiri ndi Lachitatu, amayamba 9 koloko usiku m'miyezi imene ku Ulaya kukutentha, ndi 10 koloko m'miyezi yawo yozizira. Akamatha, nthawi imakhala ikuyandikira pakati pa usiku, ndipo pamakhalanso kukambirana za mpirawo ndi ulendo wobwerera kunyumba. Tikaphatikiza ligi yathu ya kuno ndi masewero a Flames, bambo angathe kukhala kunja madzulo anayi pa sabata popanda kuchita chilichonse chimene iyeyo angachione ngati cholakwa.

Kumene kanema ali m'nyumba momwemo, vuto limasintha nkhope. Bambo amakhala alipo, koma salipo. Rimoti ili m'manja mwake, mayi akufuna filimu ya ku Nigeria kapena sewero lake la madzulo, ndipo amene amagonja ndi yemwe wadzuka kukapakula nsima. Taonapo mayi wa mimba ya miyezi 8 akuwerama pa mbaula, kenako kunyamula beseni la madzi osamba m'manja, bambo maso ali pa penate. Bamboyo sadalamule kuti zitero, ndipo mayiyo sadadandaule. Zidangozolowereka.

Zimene zikuchitika pamene ligi ikuyenda

M'miyezi itatu yoyambirira, pathupi sipaoneka, koma ndi nthawi imene ziwalo za mwana zimapangika. Mtima wake umayamba kugunda cha m'sabata ya 6. Mayi amatopa msanga, amamva mseru, amadana ndi fungo la zakudya zina ngakhale zimene ankazikonda, ndipo mtima wake umasinthasintha. Abambo ambiri amayesa ulesi kapena matama, chifukwa saona chilichonse ndi maso. Pakati pa sabata ya 16 ndi ya 24 mayi amayamba kumva mwana akusewera m'mimba, ndipo chakumapeto kwa nyengo imeneyi mwanayo amayamba kumva phokoso lakunja, kuphatikizapo mawu a bambo wake. M'miyezi itatu yomaliza mwana amakula mofulumira, msana wa mayi umapweteka, tulo timavuta, ndipo ntchito monga kutunga madzi, kusinja, kuchapa ndi kusenza nkhuni zimamulemera kwambiri.

Kale amayi ankauzidwa kupita kusikelo kanayi. Mu 2016 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidakweza chiwerengerochi kufika pa maulendo 8, ndipo ulendo woyamba uyenera kuchitika asanathe masabata 12. Apa mpamene mwambo wobisa mimba mpaka itaonekera umatipweteka, popeza amayi ambiri amayamba sikelo mochedwa, miyezi inayi kapena isanu itadutsa kale.

Kusikelo sangoyeza kulemera kwa mayi ayi. Amayeza kuthamanga kwa magazi, amaona ngati magazi ali okwanira m'thupi, amamva kagonedwe ka mwana ndi kugunda kwa mtima wake. Mayi amalandira mapiritsi owonjezera magazi, katemera wa kafumbata, neti yonyikidwa m'mankhwala ndi mapiritsi a SP, amene ambiri timawatcha fansida, oteteza ku malungo. Dziko la Malawi ndilo lidayamba kupereka mankhwalawa kwa amayi oyembekezera mu 1993, maiko ena a mu Africa asanayambe. Amayezanso chindoko ndi kachirombo ka HIV. Kuyambira mu 2011, mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka ndi kachiromboka amayamba kumwa ma ARV nthawi yomweyo ndi kupitiriza moyo wake wonse, njira imene idayambira kuno kwathu maiko ena n'kutengera. Pa matenda awiriwa kupezeka kwa bambo n'kofunika kwenikweni. Mayi akalandira mankhwala a chindoko koma mwamuna wake osalandira, matendawo amabwereranso, ndipo angathe kupha mwana asanabadwe. Mayi akamva yekha zotsatira za HIV, amabwerera kunyumba ndi mtolo woti akaulule kwa mwamuna amene sadayezetse, ndipo ena amabisa mankhwala kapena kusiya kumwa chifukwa cha mantha.

N'chifukwa chake zipatala zambiri zimayamba kuthandiza amayi amene abwera ndi amuna awo, ndipo m'madera ena mafumu adakhazikitsa malamulo okakamiza abambo kuperekeza akazi awo pa ulendo woyamba. Cholinga chake n'chabwino, koma tisabise kuti njirayi imapweteka mayi amene mwamuna wake ali ku Joni, adamwalira kapena adakana mimba, popeza amakhala kumapeto kwa mzere pa chifukwa chimene si chake. Mphakati ungathe kumuthandiza mayi wotere pomupezera womuperekeza.

Bambo amene wapita kusikelo ngakhale kamodzi amabwerako ndi chinthu chimene wokonda mpira aliyense amachimvetsa: ndandanda ya masiku. M'kabuku ka kuchipatala ka mayi mumalembedwa tsiku la ulendo wotsatira ndi tsiku loyembekezera kuchira. Tsiku limeneli amalipeza powonjezera miyezi 9 ndi masiku 7 pa tsiku loyamba la msambo womaliza. Koma apa mpamene makalendala awiri aja amasiyanirana. Tsiku la fainolo limalengezedwa miyezi yambiri isanafike ndipo silisuntha. Ana obadwa pa tsiku lenileni lolembedwa m'kabuku ndi ochepa kwambiri, pafupifupi mmodzi mwa ana 20. Kuyambira sabata ya 37 mpaka ya 42 mwana angathe kubwera usiku uliwonse, ndipo ena amafulumira kuposa apo.

Maola awiri

Tonse tikukumbukira usiku wa pa 25 Januwale 2022, pamene Flames idakumana ndi Morocco mumzinda wa Yaoundé m'dziko la Cameroon, ulendo wake woyamba kudutsa ndime ya m'magulu mu mpikisano wa maiko a mu Africa. Gabadinho Mhango adamwetsa chigoli ali kutali ndi golo mpira utangoyamba kumene, ndipo dziko lonse lidaimirira. Tidagonja 2-1, koma usikuwo amuna ochepa okha ndiwo adali m'nyumba zawo. Usiku womwewo, monga usiku wina uliwonse, amayi mazanamazana adachira m'zipatala za dziko lino. Matenda a uchembere kawirikawiri amayamba usiku, nthawi yomwe ija mpira waukulu umaonetsedwa, m'malo aphokoso mmene foni ingathe kulira kasanu mwini wake osaimva.

Mu 1994 akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, adafotokoza kuti amayi ambiri amamwalira pa uchembere chifukwa cha kuchedwa kwa mitundu itatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo atafika. Kuchedwa kwachitatu n'kwa boma ndi achipatala. Koyamba ndi kwachiwiri kuli m'manja mwa banja, ndipo m'mabanja athu ambiri mayi sanyamuka mwamuna asanavomereze, komanso ndalama ya kabaza kapena galimoto imakhala m'thumba la mwamunayo. Bambo akakhala kuti sakupezeka, mayi amadikira.

Kudikirako kuli ndi mtengo wake. Mayi amene akutaya magazi kwambiri atangochira angathe kumwalira m'maola awiri okha ngati sathandizidwa, ngakhale adali wathanzi. Maola awiri ndi nthawi ya mpira umodzi, tikaphatikiza kupumula ndi mphindi zowonjezera. Pali zizindikiro zina zimene bambo ayenera kuzidziwa pamtima monga adziwira maina a osewera: kutuluka magazi nthawi ina iliyonse ya mimba, mutu waukulu wosamva mankhwala pamodzi ndi kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka kapena kugwa ngati wakhunyu, kutentha thupi, kusweka kwa nsupa nthawi isanakwane, ndi mwana kusiya kusewera m'mimba. Chimodzi chokha mwa izi chikaoneka, si nthawi yodikira kuti kuche, kapena yoitana akuluakulu kuti afunse ngati wina mwa awiriwo adayenda njira zachibwana. Chikhulupiriro choti kuchedwa kuchira kumabwera chifukwa cha kusakhulupirika m'banja chatayitsa miyoyo ya amayi ambiri amene vuto lawo lidali njira yaing'ono kapena mwana wogona mopingasa, zinthu zimene opaleshoni imathetsa.

Dziko lathu layenda mtunda pa nkhaniyi. Kafukufuku wa boma wa 2004 adapeza kuti amayi 984 mwa amayi 100,000 obereka ana amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Mu 2010 chiwerengerochi chidatsika kufika pa 675, ndipo kafukufuku wa 2015 ndi 2016 adapeza 439. Chimodzi mwa zimene zidasintha n'chakuti mu 2007 boma lidaletsa azamba akumudzi kubereketsa, ndipo amayi ambiri adayamba kuchirira kuchipatala. Zipatala zambiri zili ndi nyumba zodikirira, kumene mayi wochokera kutali amakhala masabata omaliza pamodzi ndi womudikirira. Bambo amene kwawo n'kutali ndi chipatala, makamaka nyengo ya mvula mitsinje ikamadzaza, achite bwino kumupititsa mayi kumeneko nthawi ikadalipo, ndi kumawapititsira ufa, ndiwo ndi nkhuni.

Kwa amene ali pafupi, zofunika si zambiri. M'mwezi womaliza mayi adziwe kumene mwamuna wake akuonera mpira, foni ikhale ndi moto ndipo ikhale m'manja osati m'thumba, ndipo pakhale munthu wachiwiri, kaya mnansi kaya mayi wa mumphakati, wodziwa kuti usiku umenewo bambo kulibe. Chabwino koposa n'chakuti masabata omalizawo bambo abwerere ku njira ya makolo ija, amvere pa wailesi ali pakhonde. Papa Fransisko, amene adamwalira pa 21 Epulo 2025, adali wochemerera timu ya San Lorenzo ya mumzinda wa Buenos Aires moyo wake wonse. Mu 2015 adauza mtolankhani wa kwawo ku Argentina kuti sadaonerenso kanema kuyambira mu 1990 chifukwa cha lonjezo limene adachita kwa Amayi Maria, ndipo zotsatira za timu yake ankazimva kwa mmodzi mwa asilikali omulondera. Ife sitikupempha zaka makumi atatu, koma masabata anayi kapena asanu.

Ndalama

Kuchira m'chipatala cha boma n'kwaulere. Zipatala za mishoni, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, zimalipiritsa, koma zambiri zili ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera a m'dera lawo azithandizidwa mosalipira. Ndi bwino kufunsiratu pa ulendo woyamba wa sikelo kuti mudziwe mmene zilili pa chipatala chanu. Ngakhale kumene n'kwaulere, mayi amauzidwa kubwera ndi zitenje zingapo zochapa bwino, beseni, pepala la pulasitiki loyala pabedi, lezala latsopano, ulusi, sopo, tochi ndi zovala za mwana kuphatikizapo chipewa. Pamwamba pa izi pali ndalama yoyendera, imene usiku imakwera, ndi chakudya cha womudikirira.

Ndalama za mpira zimatuluka pang'onopang'ono mwakuti munthu saziona: yolipira pakhomo, chakumwa chimodzi kapena ziwiri, bando ya intaneti, jezi yatsopano, dishi ya mwezi uno. Koma chimene chasintha zinthu m'zaka zaposachedwapa ndi kubetcha pa foni. Bambo amene akuda nkhawa ndi ndalama za chikuta ndiye amakopeka msanga, poganiza kuti akalosera bwino matimu khumi Loweruka limodzi, zonse zitheka. Makampani a kubetcha amapeza phindu chifukwa ambiri obetcha amaluza, ndipo kudziwa mpira sikusintha masamu amenewo. Mapanga awiri avumbwitsa: ndalama imodzi singakhale ya kubetcha ndi ya galimoto yopita kuchipatala nthawi imodzi. Mabanja ena amachita mwanzeru posunga ndalama yoyendera pa foni ya mayi kapena m'chikwama chake chopita nacho kuchipatala, kuti asadikire munthu wina aliyense tsiku likafika.

Timu ikagonja

Pali nkhani ina imene sitikonda kuikamba. Akatswiri a pa yunivesite ya Lancaster ku England adaunika madandaulo a nkhanza za m'banja amene apolisi a m'dera la Lancashire adalandira pa mipikisano ya dziko lonse ya 2002, 2006 ndi 2010. Adapeza kuti madandaulowo ankakwera ndi 26 peresenti timu ya England ikapambana kapena kufanana mphamvu, ndi 38 peresenti ikagonja. Kumeneko n'kutali, koma mowa, mkwiyo ndi ndalama zoluza pobetcha zimagwira ntchito mofanana kulikonse. Kumenya kapena kukankha mayi woyembekezera kungathe kuchotsa mimba kapena kuchititsa kuti mwana abadwe masiku asanakwane. Kuno kwathu lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira mu 2006, ndipo ankhoswe kapena akatekisiti asamuuze mayi womenyedwa kuti angopirira. Utsi wa fodya nawonso umamufika mwana kudzera mwa mayi wake, ngakhale wosutayo ndi bambo.

Komabe tiyenera kumumvetsa bamboyu. Kawirikawiri chimene chimamuthamangitsira kumpira ndi mantha. Akuopa kuti ndalama sizikwana, kuti mkazi wake angafe, kuti sadziwa kulera mwana. Mkazi wake ali ndi anzake omufunsa mmene wadzukira, pamene iyeyo palibe womufunsa. Kafukufuku wina wa mu 2010, amene adaphatikiza zotsatira za maiko angapo, adapeza kuti pafupifupi bambo mmodzi mwa khumi amadwala matenda a kukhumudwa pa nthawi ya mimba kapena m'chaka choyamba cha mwana. Pa benchi ya mpira ndi pamene mwamuna amaloledwa kukuwa, kulira ndi kukumbatira mnzake popanda womuseka. Tikamulanda benchi imeneyi osamupatsa malo ena, sitidamuthandize. Abambo achikulire a mumphakati ndi a bungwe la abambo achikatolika angathe kukhala naye pa benchi yomweyo, n'kumufunsa pobwerera kuti, "Achimwene, nanga mayi akunyumba ali bwanji? Mwakonzeka?" Mthenga wa Mateyo umatisonyeza Yosefe Woyera ali wosokonezeka maganizo pa mimba ya Maria, asanalandire uthenga womulimbitsa mtima. Nkhawa ya bambo woyembekezera si chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa.

Mnyamata kapena mtsikana, ndi dzina lake

Abambo ambiri okonda mpira amalakalaka mwana wamwamuna, ndipo ena amagulirathu kajezi. Ndi bwino kudziwa kuti chimene chimachititsa mwana kukhala wamwamuna kapena wamkazi chimachokera mu mbewu ya bambo, osati kwa mayi, kotero kuti kumunena mayi chifukwa chobereka atsikana n'kulakwa kawiri. Ndipo amene akuopa kuti mtsikana sadzamukondweretsa pa mpira akumbukire ana awiri a banja limodzi a ku Rumphi. Tabitha Chawinga adamwetsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu ligi ya amayi ya ku Italy mu 2023 ali ku Inter Milan, ndipo mng'ono wake Temwa adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current.

Pa dzina, akatekisiti amadziwa zimene zimachitika pa tsiku lolembetsa ubatizo mpikisano waukulu ukangotha. Malamulo a Mpingo amapempha makolo, atate ndi amayi a ubatizo ndi bambo mfumu kuonetsetsa kuti mwana asapatsidwe dzina losemphana ndi chikhristu. Dzina la wosewera mpira nthawi zambiri silisemphana nacho, ndipo ena mwa maina amenewa ndi a oyera kale. Chofunika kufunsa n'chakuti mayi wavomereza kodi, ndiponso ngati mwanayo adzalikondabe dzinalo wosewerayo ataiwalika. Malamulo omwewo amanena kuti mwana abatizidwe m'masabata oyambirira atabadwa, ndipo makolo angathe kukaonana ndi bambo mfumu ngakhale mwanayo asanabadwe kuti ayambe kukonzekera. Imeneyi ndi ntchito imene bambo angaigwire yekha mayi ali wotopa. Adziwenso kuti mwana akabadwa ali pafupi kufa, munthu aliyense angathe kumubatiza pomuthira madzi pamutu ndi kutchula mawu a ubatizo, n'kukadziwitsa ku parishi pambuyo pake.

Akatuluka m'chipatala

Masiku oyambirira mayi atachira ndi oopsa monga tsiku lochira lenilenilo, kwa mayi ndi kwa khanda lomwe. Onse awiri ayenera kuonedwanso ndi achipatala m'masiku atatu oyambirira, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndi pakatha masabata 6, pamene mwana amalandira katemera wotsatira. Lamulo la ntchito, monga lidakonzedwanso mu 2021, limapatsa bambo wolembedwa ntchito tchuthi cholipidwa cha masabata awiri, kamodzi pa zaka zitatu, mkazi wake akachira, pamene mayi wapantchito amalandira masabata 8. Abambo ambiri sadziwa za tchuthi chimenechi, ndipo ena amachita manyazi kuchipempha.

Kanema wa m'nyumba nayenso amafunika kumuganizira mwatsopano. Malangizo a WHO a mu 2019 amati khanda losakwana chaka lisamaonetsedwe kanema kapena foni konse, ndipo mwana wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi pa tsiku. Bambo angathe kuonera mpira wake mwana ali pachifuwa, atafulatira kanemayo, mawu atatsitsidwa, pamene mayi akugona pang'ono asanadzuke kukayamwitsa. Kwa mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi, anamwino amaphunzitsa njira ya kangaru, yomuika khandalo pachifuwa khungu kukhudza khungu n'kumumanga ndi chitenje kuti azimva kutentha usana ndi usiku. Mayi yekha sangathe kutero maola onse, ndipo chifuwa cha bambo chimatenthetsa mofanana ndi cha mayi.